Malawi si Marawi: mawu a pawindo la positi ku Philippines

Nditatha miyezi itatu m'dziko muno ndinanyamula katoni, ulendo wa ku positi ofesi ya m'tauni yomwe ndinkakhala ku Cavite, chigawo cha kufupi ndi Manila. M'katonimo munali mabuku awiri a mng'ono wanga, nsapato za mayi, ndi timapaketi ta mango oumitsa, aja amene aliyense wobwera kuno amayamba wawanyoza kenako n'kumawabisa kuti anzake asawaone. Usiku wonse ndinali ndikuloweza chiganizo chimodzi, ndipo nditafika pawindo ndinachitulutsa ngati mwana wa Sande sukulu akulakatula vesi: "Magpapadala po ako ng package sa Malawi." Ndiko kuti, ndikufuna kutumiza phukusi ku Malawi. Mayi wa pawindopo anamwetulira, n'kuika katoni pasikelo, n'kunditchulira mtengo wotsika moti chamumtima ndinati anthu aja amangondiopseza, positi ya kuno ndi yaulere ndithu. Ndalama ndinali nditatulutsa kale pomwe mayiyo anagwetsa maso pa keyala yomwe ndinalemba pakatoni. Anadzutsa mutu: "Ay, Malawi? Hindi Marawi?" Ndiko kuti, si Marawi?

Marawi ndi mzinda wa kummwera kwa dziko lino, pachilumba cha Mindanao, m'mphepete mwa nyanja ya Lanao, ndipo palibe Mfilipino wosaudziwa chifukwa cha nkhondo ya miyezi isanu yomwe inachitika kumeneko mu 2017. Malawi yathuyi ambiri sanaimvepo. Tsono ife, mukudziwa nokha, lilime lathu silisankha pakati pa l ndi r. Lisiti ndi risiti kwa ife ndi pepala limodzi lomwelo. Kuno ayi, ndi zilembo ziwiri zosiyana, ndipo apa zikusiyanitsa mizinda ya m'dziko muno ndi dziko lomwe lili kutsidya kwa nyanja yamchere. Mayiyo sanalakwe kanthu, anamva zomwe pakamwa panga panatulutsa. Mtengo weniweni utatuluka, ndalama zanga sizinafike ndi theka lomwe, ndipo ndinabwerera kunyumba katoni ili pamiyendo. Mnzanga wina wophunzira za mbiri yakale ananditonthoza kuti dzina la dziko lathu linachokera kwa Amaravi, ndiye lilime langa silinaname, linangochedwa ndi zaka mazana angapo.

Choncho abale anga obwera kumene, kaya mwabwera kusukulu za ku Silang, kaya ku Los Baños, kaya ku seminale kapena ku unamwino, mawu oyamba oti muwasunge si moni ayi. Ndi awa: "Malawi, sa Africa po." Muzinena onse pamodzi ngati dzina limodzi. Lilime muzilikanikiza kuseri kwa mano potchula l, ndipo pakatoni mulembe ndi zilembo zikuluzikulu MALAWI, pansi pake AFRICA. Ena akamva Africa amathamangira ku South Africa, ndiye onjezani kuti "malapit sa Tanzania", kufupi ndi Tanzania. A ku Chipata ndi ku Lusaka vuto ili mulibe, ngakhale mmodzi wa inu anandiuza kuti atatchula Zambia anafunsidwapo ngati akunena Zambales, chigawo china cha kuno.

Wina afunsa kuti kuvutikiranji, poti Chingerezi ndi chilankhulo cha boma kuno limodzi ndi Chifilipino, mafomu onse ali m'Chingerezi, ndipo wogwira ntchito pawindo aliyense amachidziwa. N'zoona, ndipo phukusi lanu lidzapita ngakhale musatchule liwu limodzi la Chitagalogi, chilankhulo chomwe Chifilipinocho chinachokerako. Koma zimene ndaona zaka zonsezi n'zakuti vuto silikhala pa zomwe inu mukunena. Limakhala pa zomwe akukuyankhani. Mfilipino amayamba chiganizo m'Chingerezi, pakati n'kulowa m'Chitagalogi, n'kumalizira m'Chingerezi, osadziwa n'komwe kuti wasintha, monga momwe timachitira ife ku Lilongwe. Ndipo chomwe chagwera m'Chitagalogi nthawi zambiri ndiye fupa la nkhaniyo: lero sizitheka, pitani windo linalo, ichi n'choletsedwa. China n'chakuti Chingerezi chathu ndi chawo sizimvana msanga m'makutu. Iwo anachitengera kwa Amereka, ife kwa Angerezi, ndipo mukathamanga nacho ena amachita manyazi n'kungogwedeza mutu asanamve. Pali nthabwala yawo yoti Chingerezi chikachuluka munthu amatuluka kamfuno. Mukamva wina kuseri akuti "nosebleed" anzake n'kuseka, sakukunyozani, akudziseka yekha. Chepetsani liwiro.

Nkhani yabwino n'njakuti ulemu wa chilankhulo chino tinabadwa nawo kale. Azungu amavutika nawo, ife ayi. Ali ndi "ikaw", amene ndi iwe, ndi "kayo", amene ndi inu, ndipo monga kwathu, munthu mmodzi wamkulu kapena wosamudziwa mumamuti "kayo". Simungauze mayi wa pa ofesi kuti iwe ku Zomba, musayerekezenso ku Cavite. Ndiye pali kaliwu aka, "po", komwe sikamasulirika koma kamagwira ntchito ya kuwomba m'manja mwaulemu kapena kupinda bondo pang'ono. Kamalowa pafupi ndi kumayambiriro kwa chiganizo: "Magkano po?", zingati, "Salamat po", zikomo. Povomera kwa wamkulu simunena "oo", mumati "opo", ngati kusiyana kwa "ee" ndi "inde". Pokana, "hindi po". Ngati mwasokonezeka pomwe muike, kaikeni kumapeto, ngakhale kwa chiganizo cha Chingerezi. Eni ake amatero tsiku lililonse: "Thank you po."

Wa pawindo mumuti "ma'am" kapena "sir", basi. Mlonda wa pakhomo ndi woyendetsa tricycle, njinga yamoto ija yokhala ndi kangolo pambali, mumuti "kuya", achimwene. Mayi wogulitsa maenvulopu panja mumuti "ate", achemwali, kutchula a-te, zilembo zonse zimveke. Mlondayo musamudutse ngati mtengo. Iye ndiye amadziwa windo lotumizira kunja, komwe kuli mafomu, ndi ngati wopima katundu wafika. "Magandang umaga po, kuya" m'mawa, "magandang hapon po" masana dzuwa likapendeka. Paja akulu anati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo udzaupeza, ndipo positi ya m'tauni yaing'ono mudzabwererako kambirimbiri, nkhope yanu sadzaiiwala chifukwa mwina ndinu munthu wakuda yekhayo amene walowamo mwezi umenewo.

Katchulidwe sikovuta. Mavawelo ndi asanu omwe aja, a e i o u, ndipo mumawerenga momwe alembera. "Ng" wawo ndi ng' wathu wa mu ng'ombe, amene alendo ena amatha naye chaka akulimbana. Kaliwu "ng" kakaima pakokha kamatchulidwa nang', ndipo "mga", kosonyeza kuti zinthu n'zambiri, kamatchulidwa mang'a. Msampha wathu wachiwiri, pambuyo pa l uja, ndi chizolowezi chokoka kachigawo kachiwiri kuchokera kumapeto kwa liwu lililonse. Kuno pomwe mwakoka pamasintha tanthauzo. "Bukas" mukakoka koyambirira ndi mawa. Mukagogomeza kumapeto ndi kutsegula. Ndiye funso loti kodi mawa mutsegula limakhala "Bukas po ba kayo bukas?", loyamba kugogomeza kumapeto, lachiwiri koyambirira. Ine kwa nthawi yaitali ndinkafunsa anthu kuti kodi mawa ndinu mawa. Ankandimvabe, ndi anthu oleza mtima. Kaliwu "ba" kali mmenemo ndi "kodi" wawo, kakangomveka dziwani kuti mwafunsidwa funso. Kutseka ndi "sarado".

Positi ya boma dzina lake ndi PHLPost, ndipo m'matauni ambiri ofesi yake ili mkati kapena pafupi ndi likulu la tauni, lomwe amati "munisipyo". Kwa wa tricycle mungonena kuti "Kuya, sa post office po, sa munisipyo." Liwu lenileni la positi ndi "koreo" koma pamsewu aliyense amati post office. Mukawerenga malangizo akale okutumani ku positi yaikulu ya ku Manila, nyumba ya zipilala ija ya pa Liwasang Bonifacio m'mbali mwa mtsinje wa Pasig, dziwani kuti inapsa ndi moto mu Meyi 2023. Yambirani pa ofesi ya m'tauni mwanu. Maofesi a boma amagwira Lolemba mpaka Lachisanu, "alas-otso" mpaka "alas-singko", 8 koloko mpaka 5 koloko, ndipo pali lamulo la mu 2007 loti mawindo otumikira anthu asamatsekedwe nthawi ya nkhomaliro. Komabe ine ndimapita cha m'ma 9 koloko, ndipo Lolemba ndimalipewa chifukwa limayamba ndi mwambo wokweza mbendera. Valani ngati mukupita ku ofesi, chifukwa maofesi ena a boma amabweza wovala kabudula ndi masilipasi. Mawu ena oti muwatchere khutu kuyambira Juni mpaka Novembala ndi "walang pasok", palibe sukulu kapena ntchito. Anamondwe pafupifupi 20 amalowa m'dera la dziko lino chaka chilichonse, ndipo boma likalengeza, mudzapeza chitseko chokhoma katoni itanyowa kale. Sabata ya Pasaka, Lachinayi ndi Lachisanu Loyera, dziko lonse limaima.

Mkati mupeza mzere, "pila". Funsani womaliza kuti "Dito po ba ang pila?", kodi mzere ndi uno? Akakweza nsidze osalankhula, wavomera, si mwano. Akatosa ndi milomo, akukulozerani njira. Mukaona agogo, mayi woyembekezera kapena wolumala akudutsa mzere wonse kupita kutsogolo, musang'ung'udze. Lamulo limawapatsa mwayi umenewo, ndipo ukalamba kuno umayambira zaka 60.

Tsopano pakatoni penipeni, pomwe ambiri timapunthwa. Musamate katoni kunyumba. Ndikudziwa mtima wa Mmalawi: timakulunga ndi selotepi kanayi, chingwe pamwamba, ngati katundu wokwera basi ya ku Joni. Pawindo adzafuna kuona zomwe zili mkati, ndipo mudzamva "Pakibuksan po", tatsegulani. Ulendo wanga wachiwiri ndinadula selotepi yonse ndi kiyi wa kunyumba, anthu khumi ali pambuyo panga, nsapato za mayi zili pakauntala aliyense akuziona. Bwerani ndi katoni yotsegula, selotepi yaikulu m'chikwama, kalumo ndi bolopeni yanu. Mukaiwala bolopeni, "Pahiram po ng bolpen", ndibwerekeniko. Kachidutswa aka "paki" kali kutsogolo kwa "pakibuksan" ndi "chonde" wawo, ndipo mukakadziwa mwatsegula zitseko zambiri: "pakiulit po", bwerezaninso, "pakisulat po", tandilemberani, "pakitimbang po", tandipimireni pasikelo.

Funso lalikulu ndi "Ano po ang laman?", muli chiyani mkatimu? Yankhani ndi liwu limodzi ndi po. Zovala ndi "damit", mabuku "mga libro", chakudya "pagkain", mankhwala "gamot", mphatso "regalo". Nsapato ndi "sapatos", ndipo apa mudzaseka, chifukwa iwo analamulidwa ndi Spain zaka zoposa 300 pomwe ife mawu enawa tinawatola kwa Apwitikizi, ndiye tikukumana panjira. Kama wathu wogonapo kunonso ndi "kama", ndipo wogawa makalata ndi "kartero", m'bale wake wa kalata yathu. Katoni ndi "kahon", envulopu "sobre", sitampa "selyo", kalata "sulat". Akafunsa ngati zinthuzo ndi zatsopano, chatsopano ndi "bago", chakale "luma". Ngati muli chosweka, "Babasagin po ito", koma musadalire mawu okha, kulungani ndi zovala. Ine ndimaonjezera chiganizo china chomwe sichili pa fomu iliyonse: "Para sa nanay ko po", n'za mayi anga. Dziko lino lili ndi anthu mamiliyoni ogwira ntchito kunja, ndipo pafupifupi banja lililonse linadikirapo katoni yaikulu ija amati balikbayan box, yodzaza sopo, chokoleti ndi nsapato, yobwera pa sitima kuchokera ku Dubai kapena ku California. Liwu loti "padala", chotumizidwa, ali nalo mumtima monga momwe a ku Mangochi ndi ku Mzimba alili ndi katundu wa ku Joni. Munthu wotumizira mayi ake amamumvetsa asanamalize kulankhula.

Liwu lina loti mulimve msanga ndi "bawal", n'choletsedwa. "Bawal po 'yan" ndiye kuti chotsani chimenecho, ndipo palibe kukambirana. Zomwe zimagwa kawirikawiri ndi perefyumu, zopopera, zamadzimadzi, mabatire ndi ma power bank, ndi ndalama. Foni ndi mankhwala funsani musanagule n'komwe. Chinyamuleni kapena onetsani chithunzi, n'kufunsa kuti "Pwede po ba ito?", kodi ichi n'chotheka? Yankho ndi "pwede" kapena "hindi pwede". Safunsa anadya phula: mnzathu wina anagula mabotolo anayi a perefyumu oti akasangalatse apongozi, anamaliza kudzola yekha chaka chonse.

Kenako adzakupatsani kafomu ka kasitomu, CN22 ka tinthu tating'ono kapena CN23 ka katundu wokulirapo. Kameneka lembani m'Chingerezi, ndipo musalembe mawu ophimba ngati mphatso basi. Tchulani chinthu chilichonse, kuchuluka kwake ndi mtengo wake, chifukwa pepala lomweli ndi lomwe a kasitomu adzawerenge kwathu, ndipo wolipira msonkho, ngati ulipo, ndi mayi anu, osati inu. Musachepetse mtengo mopitirira, musaukwezenso pofuna kudzionetsa. "Pirma po dito" ndiye kuti sayinani apa. Chiphaso khalani nacho, pasipoti kapena ACR I-Card, kakhadi kaja ka ku Immigration komwe mlendo wokhala masiku oposa 59 amatenga.

Za ndalama. "Magkano po?" ndi zingati, ndipo kufunsako n'kosavuta, chovuta ndi yankho. Afilipino amawerenga ndalama m'zilankhulo zitatu nthawi imodzi. Tindalama tating'ono timabwera m'Chisipanishi: "bente" ndi 20, "trenta" 30, "singkwenta" 50. Zikuluzikulu m'Chitagalogi: "isang daan" 100, "limang daan" 500, "isang libo" 1,000, "dalawang libo" 2,000. Ndiye pali kadulidwe kawo ka Chingerezi komwe kanandipusitsa: akati "two-five" sakunena 25 ayi, akunena mapeso 2,500, ndipo "one-five" ndi 1,500. Musadzivutitse kuloweza zonsezi sabata yoyamba. Nenani "Pakisulat na lang po", mungondilembera, adzalemba pakapepala kapena kukuonetsani pa kalikyuleta. Mukadzidzimuka ndi mtengo mutha kunena kuti "Ang mahal naman po!", koma ndiye yadula, adzaseka nanu limodzi. "Mahal" yemweyo amatanthauzanso wokondedwa, ndiye samalani nkhope ponena. Koma pano si pamsika, mtengo umachokera pa sikelo ndi dziko lomwe katundu akupita, kunenerera kulibe. Chomwe mungafunse ndi "May mas mura po ba?", kodi pali njira yotchipirako, kapena "Alin po ang mas mabilis?", yachangu ndi iti.

Njira yachangu ya positi ndi EMS, ndipo pali zina zotsikirako mtengo, koma si njira iliyonse yomwe imafika dziko lililonse, komanso mndandandawo umasintha. Musanagule ndi katoni yomwe, pitani chimanjamanja mukafunse: "May EMS po ba papuntang Malawi, sa Africa?" ndi "Magkano po ang isang kilo?" Mukatero mudzadziwa ngati mabuku aja ndi oyenera kukwera ndege. Nthawi zambiri positi imadula kuposa zomwe zili mkati, ndipo ine ndinasiya kutumiza chilichonse chomwe chikupezeka mu Limbe. Zikalata zofunika, monga satifiketi ndi mapepala a sukulu, ndimapereka ku makampani ngati DHL kapena FedEx ngakhale amaluma m'thumba, ndipo zotumiza m'dziko momwemo ambiri amapita ku LBC kapena J&T. Mawu ndi omwewa konsekonse.

Nyamulani ndalama zosinthasintha. Mukatulutsa ya 1,000 m'mawa mudzamva "Wala po ba kayong barya?", mulibe zing'onozing'ono? "Wala po" ndi ndilibe, "meron po" ndi ndili nazo. Chenji ndi "sukli". Musachoke opanda lisiti: "Pahingi po ng resibo." Funsaninso "May tracking number po ba?" Nambala yake imakhala ya zilembo 13, ziwiri kutsogolo, manambala 9 pakati, PH kumapeto. Ijambuleni pa foni muli pomwepo n'kuitumiza kwathu pa WhatsApp, chifukwa malisiti ena amafufutika ndi chinyezi cha kuno mwezi usanathe. Pofunsa za nthawi, buku lidzakuphunzitsani kuti "Ilang araw po bago dumating?", masiku angati lisanafike. Kwa ife funso loona ndi "Ilang linggo po?", masabata angati. Katundu wa kwathu amadutsa m'maiko ena asanatere ku Lilongwe, ndipo wa pawindo sangalonjeze za m'manja mwa ena. Za Khirisimasi tumizani mu Okutobala. Sizovuta kukumbukira, poti kuno nyimbo za Khirisimasi zimayamba kulira pa 1 Sepitembala.

Keyala ya kwathu imawadabwitsa. Yawo ili ndi nambala ya nyumba, msewu, barangay (kadera kakang'ono ngati mudzi), tauni, chigawo, ndi manambala anayi a ZIP code, monga 1000 ya pakati pa Manila, 6000 ya Cebu City, 2600 ya Baguio. Yathu ndi dzina la munthu, P.O. Box ya sukulu kapena ya mpingo, ndi tauni. Adzakufunsani msewu ndi nambala ya nyumba. Yankhani kuti "Wala po, P.O. Box lang", palibe, ndi bokosi lokha. Chomwe chimapulumutsa phukusi ndi nambala ya foni ya wolandira, yoyamba ndi +265, yolembedwa pakatoni ndi pa fomu pomwe. Dzina lilembedwe momwe lilili pa chiphaso cha unzika cha wolandirayo. Mukalemba "Anaphiri" chifukwa ndi momwe mudzi wonse umawaitanira, akavutika kutsimikiza kuti ndi iwowo. Pepala lina la keyala yomweyo liponyeni mkati.

Tsiku lina mudzakhala mbali inayo, wolandira. Amabweretsa kakhadi kokudziwitsani, kapena mumaona pa intaneti kuti lafika, ndiye mumapita ndi chiphaso ndi kandalama kochepa kolipira pawindo. Mumati "May kukunin po akong package", ndabwera kudzatenga phukusi. Apa ndi pomwe makutu amagwira ntchito kuposa pakamwa. "Sandali lang po" ndi dikirani pang'ono, ndipo pang'ono pakepo pali ngati "ndikubwera" wa kwathu. "Maupo muna kayo", khalani kaye pansi. "Sa kabila po", windo linalo kapena mbali inayo. "Sa likod", kuseri. "Wala pa po", silinafike. "Balik na lang po kayo", mudzabwerenso. Mfilipino sakonda kukana mokhadzula, ndipo sakonda kukalipiridwa pagulu. Mukakweza mawu, nkhope yake imangotsekeka ngati chitseko, ulemu wonse ulipo koma thandizo latha. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Mwetulirani, funsani kuti "Kailan po kaya?", mwina liti, mupemphe nambala ya foni ya pa ofesipo. Pa za msonkho, lamulo la kasitomu la mu 2016 limati katundu wosapitirira mapeso 10,000 salipira. Koma a kwathu muwauze asamaike nthanga, mbewu kapena nsomba zouma mwachisawawa, chifukwa zomera ndi zanyama zili ndi malamulo ake ndipo zikhoza kugwidwa. Ndikudziwa kuti usipa umalotedwa usiku. Pitani pamsika mukafunse "dilis", tinsomba touma tofanana nawo ndithu, mtima udzakhala pansi.

Amene muli ku Cebu, ku Dumaguete kapena ku Davao, zonsezi adzazimva chifukwa Chifilipino amaphunzira kusukulu, koma chilankhulo cha pamtima kumeneko ndi Chibisaya, ndipo ena angakonde muwalankhule Chingerezi kusiyana ndi Chitagalogi. "Po" kumeneko si wofunika kwenikweni. Moni wa m'mawa ndi "maayong buntag", chonde ndi "palihug", zikomo kwambiri "daghang salamat". Ndipo "pila" uja, amene ku Manila ndi mzere, ku Cebu ndi zingati. Mukaloza katoni n'kunena "Pila ni?" mwafunsa mtengo.

Kunena zoona, katundu wambiri wa Amalawi kuno sayenda pa positi, amayenda m'sutikesi ya mnzathu amene wamaliza sukulu kapena akupita kumaliro. N'chimodzimodzi Afilipino, ali ndi liwu lake, "pakidala", tanditengerako. Ndilibe nazo vuto, nanenso ndatumapo anthu ndipo ndatumidwapo. Koma lamulo la pawindo lija ndalitengera kunyumba kwanga: chomata sindinyamula. Kaya ndi cha m'busa, kaya cha wa kumudzi kwathu, atsegule ndione, timate limodzi. Milandu ya mankhwala ozunguza bongo kuno imafika ndende ya moyo wonse, ndipo pa bwalo la ndege funso ndi lomwe lija, "Ano ang laman?", koma kumeneko safunsa akumwetulira.

Mukangotulutsa mawu awiri atatu, wina adzadabwa kuti "Marunong kayong mag-Tagalog?", mumachidziwa? Yankho lake ndi "Konti lang po", pang'ono chabe, ndipo linenedwe msanga, apo ayi adzakukhuthulirani nkhani yonse ya m'banja mwawo. Zikakukulirani, "Hindi ko po maintindihan", sindikumva, kapena "Dahan-dahan lang po", pang'onopang'ono. Potsanzika "Salamat po", iwo adzati "Ingat", muyende bwino.

Katoni yanga ija inanyamuka pa ulendo wachitatu, nditachotsamo buku limodzi kuti sikelo itsike. Inatha masabata asanu ndi awiri. Mayi anandiimbira usiku pakati, poiwala kuti kuno tili patsogolo ndi maola 6, kundiuza kuti nsapato zakwana koma mango aja sanawamvetse: mtengo wa mango uli pakhomo, ine n'kulipira ndege kuti ndiwatumizire ofota. Nditapitanso ku positi mwezi wotsatira, mayi wa pawindo uja anandiona ndili kumapeto kwa mzere, n'kuitana mnzake wa kuseri kuti abwere adzaone: "Ayan na si Malawi, sa Africa!" Ndiko kuti, uyo wafika Malawi, wa ku Africa!